Nkhokwe ya Nzeru: Mbiri ya Kafukufuku wa Yaakov Stern

Kuyambira makedzana, pakati pa mitundu yonse ya anthu, panali chikhulupiriro chakuti munthu akakalamba, monga momwe maso ake achitira chidima, mano nagweluka, maondo nalobodoka, chomwechonso nzeru zake ziyenera kuzilala. Ndipo nkhalamba ikayamba kuiwala maina a adzukulu ake, kapena kusokera panjira imene yakhala ikupondamo chibadwire, anthu sankafunsa kuti yadwala nthenda yanji, koma ankangopukusa mitu ndi kunena kuti ukalamba wafika. Ngakhale madokotala a ku Ulaya, amene anali nazo zipatala ndi mabuku ochuluka, anakhala m'maganizo omwewo zaka mazanamazana. Mbiri imene ndifuna kulongosola pano ndi ya mmodzi wa anthu amene anagwira ntchito yogwetsa chikhulupiriro chimenechi, ndiwo a Yaakov Stern a pa Columbia University mumzinda wa New York, katswiri woyesa nzeru za anthu odwala ubongo, amene kwa zaka zoposa 30 akhala akulimbana ndi funso limodzi: zitheka bwanji kuti anthu awiri amene ubongo wawo waonongeka mofanana asiyane chotere, wina kuiwala ndi dzina la mkazi wake lomwe, mnzake ali chiwerengere nyuzipepala ndi kuweruza nkhani za pabanja pake?

Funso limeneli silinayambe ndi iwo, ndipo tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'mwezi wa Novembala 1901, pachipatala cha odwala misala mumzinda wa Frankfurt ku Germany, panagonekedwa mayi wina wa zaka 51, dzina lake Auguste Deter, amene anali atayamba kuiwala, kukayikira mwamuna wake popanda chifukwa, ndi kusokonezeka ngakhale polemba dzina lake lomwe. Dokotala amene anamsamala, Alois Alzheimer, anali munthu wodekha, wolemba chilichonse chimene wodwala wanena. Ndipo mayiyo atamwalira mu Epulo 1906, iye anapima ubongo wake pa makina okulitsa zinthu zing'onozing'ono, napezamo zinthu ziwiri zachilendo, ndizo timibulu touma todzala pakati pa maselo a ubongo, ndi timaulusi topiringizana m'kati mwa maselo omwewo. Anafotokoza zimenezi pamsonkhano wa madokotala ku Tübingen mu Novembala chaka chomwecho, ndipo mu 1910 mkulu wake pantchito, Emil Kraepelin, anatcha nthendayo dzina la Alzheimer. Tsono chifukwa chakuti mayi uja sanali nkhalamba, madokotala anaiyesa nthenda yosowa, yogwira anthu a msinkhu wapakati okha, ndipo kuiwala kwa okalamba anakusiya pomwe kunali kwa zaka zina pafupifupi 60.

Chimene chinatembenuza maganizo ndi ntchito ya amuna atatu a ku Newcastle ku England, Garry Blessed, Bernard Tomlinson ndi Martin Roth, amene anayesa nzeru za okalamba akali moyo, napima ubongo wawo atamwalira, naonetsa mu 1968 kuti amene anali ndi timibulu tambiri ndiwo anali oiwala koposa. Mu 1976 dokotala wa ku America, Robert Katzman, analemba mosapsatira kuti kuiwala kwa okalamba ambiri ndi nthenda ija ya Alzheimer yomweyo, ndi kuti ili m'gulu la nthenda zopha anthu ochuluka m'dziko lake. Pamenepo panakhazikika lamulo looneka lapafupi, lakuti timibulu tikachuluka nzeru zichepa. Koma a Katzman omwewo ndiwo anadzaona mng'alu m'lamulolo. Mu 1988 iwo ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atapima ubongo wa anthu 137 amene anamwalira panyumba ina yosungirako okalamba. Ndipo mwa iwo munali anthu 10 amene ubongo wawo unali wodzala ndi timibulu monga wa odwala enieni, koma kufikira masiku awo otsiriza nzeru zawo zinali zakuthwa. Ubongo wa anthu amenewa unali wolemerapo, ndipo maselo ake aakulu anali ochulukirapo. Motero a Katzman anaganiza kuti mwina anthuwa anali ndi maselo ambiri chiyambire, kotero kuti nthenda inadya, koma sinafike potsiriza.

Pa nthawi imeneyo a Stern anali atakhala kale pa Columbia zaka zingapo. Anafikapo mu 1979, akali wophunzira, kudzachita kafukufuku wa digiri yawo yapamwamba, imene analandira ku City University of New York mu 1983. Ndipo nthenda imene anayamba nayo sinali ya Alzheimer, koma ya Parkinson, ija yonjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, imene anthu ambiri ankaiyesa ya thupi lokha. Pogwira ntchito ndi dokotala wa ubongo Richard Mayeux, amene anadzakhala mnzawo wa zaka zambiri, anaonetsa kuti nthendayi imakhudzanso kaganizidwe, makamaka luso lokonza zochita mwadongosolo ndi kusintha njira pamene yoyamba yakanika. Anayesanso anthu ena a ku California amene mu 1982 anauma matupi mwadzidzidzi atadzibaya mankhwala ozunguza bongo oipitsidwa ndi poizoni wotchedwa MPTP, napeza kuti nawonso, ngakhale sanali okalamba, anali ndi zilema zofanana za kaganizidwe.

Ndi bwino kuti owerenga adziwe ntchito ya katswiri wotere, pakuti siifanana ndi ya dokotala wong'amba kapena wolemba mankhwala. Zida zake ndi pepala, pensulo, wotchi ndi chipiriro. Amakhala pansi ndi wokalamba, namwerengera mawu 12, namuuza kuti awabwereze, ndipo patapita mphindi zingapo amfunsanso mawu omwewo. Amuonetsa zithunzi kuti atchule maina ake. Ampempha kutchula nyama zonse zimene angakumbukire m'mphindi imodzi. Ampatsa chojambula kuti achikope. Kwa wongoonerera, izi zioneka zachibwana, koma mwa izo katswiri adziwa mbali ya ubongo imene yayamba kufooka, ndipo akabwereza mayeso omwewo chaka ndi chaka pa munthu yemweyo, aona kutsika kumene ngakhale a m'nyumba mwake sanakuzindikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo ntchito iyi iuyenera mwambiwo ndithu, pakuti yankho la funso limodzi lingadikirike zaka 10, ndipo nthawi zina silifika kufikira woyesedwayo atatsikira kulichete ndi ubongo wake utapimidwa.

Mu 1989 a Stern anayambitsa kafukufuku wotsata odwala Alzheimer ku New York, Baltimore ndi Boston, pofuna kuyankha funso limene banja lililonse limafunsa dokotala, lakuti wodwala wathuyu watsala ndi nthawi yotani asanafune womsamala usana ndi usiku. Anapeza kuti odwala amene ayamba msanga kuuma thupi, kapena kuona ndi kukhulupirira zinthu zimene palibe, ndiwo amatsika mofulumira. Ntchito imeneyo inali yothandiza, koma si imene inatchukitsa dzina lawo.

Chimene chinawagwira mtima chinali nkhani ya sukulu. Mu 1990 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku Shanghai ku China, wa anthu oposa 5,000, momwe a Katzman analinso, ndipo zinaonetsa kuti nthenda ya kuiwala inali yochuluka kwambiri pakati pa okalamba amene sanapiteko kusukulu. Akatswiri ambiri sanakhulupirire, ndipo chikayikiro chawo chinali chomveka. Iwo ankanena kuti mayesowo ndi a pepala ndi pensulo, kuti munthu wosaphunzira adzalephera ngakhale ubongo wake uli bwinobwino, ndi kuti wophunzira adzakhoza ngakhale wayamba kudwala. Tsono chimene chikuyesedwa si nthenda, koma sukulu. A Stern anaona kuti mlandu umenewu sungathe ndi mayeso a pepala omwewo, koma pafunika mboni ina yosasamala kuti munthu adziwa kulemba kapena ayi, ndiyo ubongo weniweniwo. Pamodzi ndi anzawo anatenga odwala Alzheimer amene kudwala kwawo, monga kuonekera kunja, kunali pamlingo umodzi, nawagawa monga mwa zaka zimene aliyense anakhala pasukulu. Kenaka anayesa mayendedwe a magazi mu ubongo wawo, powapumitsa mpweya wa xenon umene makina akhoza kuulondola, pakuti kumene nthendayi yadya magazi amayendako pang'ono. Zimene anapeza, nazifalitsa mu 1992, zinali zozizwitsa: mwa odwala ooneka ofanana, amene anaphunzira kwambiri ndiwo anali ndi ubongo woonongeka koposa. Tanthauzo lake linali lakuti sukulu siiletsa nthenda kulowa, koma munthu wophunzira amasenza nthenda yambiri asanaoneke kuti wadwala.

Umboni wachiwiri unachokera pakhomo pawo pomwe. Chipatala cha Columbia chili kumpoto kwa chilumba cha Manhattan, m'dera la Washington Heights, kumene kumakhala anthu a mitundumitundu: ochokera ku Dominican Republic ndi zilumba zina za Caribbean, olankhula Chisipanishi, anthu akuda a ku America, ambiri a iwo obadwira m'zigawo za kummwera, ndi azungu, ena a iwo Ayuda amene anathawa ku Germany m'zaka za m'ma 1930. M'dera limodzi lomwelo munali ophunzira kwambiri ndi amene sanagwirepo choko, a ntchito za m'maofesi ndi a ntchito za manja, ndipo kwa wofufuza kusakanizika kotere ndi chuma. A Stern ndi anzawo anatsata okalamba 593 a zaka 60 kapena kuposerapo, onse opanda nthenda ya kuiwala poyamba, kwa zaka zofika 4, ndipo 106 mwa iwo anadwala. Atawerengera, anapeza kuti amene sanakwanitse zaka 8 pasukulu anali pangozi yowirikiza kawiri. Amene moyo wawo wonse anagwira ntchito zosafuna luso lalikulu analinso pangozi yowirikiza kawiri. Ndipo amene zonse ziwiri zinawagwera, ngozi yawo inayandikira kuwirikiza katatu. Izi zinasindikizidwa mu 1994 m'magazini ya madokotala a ku America yotchedwa JAMA. Ndipo popeza anthuwa anayesedwa asanadwale, natsatidwa kufikira atadwala, sikunalinso kwapafupi kunena kuti vuto ndi mayeso chabe.

Mphamvu imeneyi yosenza nthenda osaoneka wodwala a Stern anaitcha cognitive reserve, ndiye kuti nzeru zosungidwa, ndipo mu 2002 analemba nkhani yotchuka yolongosola chimene amatanthauza. Fanizo loyandikira kwa ife ndi la nkhokwe. Mabanja awiri akhala m'mudzi umodzi, chilala nichigwa pa onse mofanana. Koma banja limene linadzaza nkhokwe m'zaka za dzinthu zambiri, monga anachitira Yosefe m'masiku a Farao, lidya miyezi yambiri anansi atayamba kale kugona ndi njala, ndipo mlendo wodutsa sangadziwe kuti nalonso munda wake unapsa. Komabe a Stern anasiyanitsa zinthu ziwiri. A Katzman ankanena za kukula kwa ubongo ndi kuchuluka kwa maselo. A Stern ankanena za kagwiritsidwe ntchito ka ubongowo, pakuti anthu awiri a ubongo wa msinkhu umodzi akhoza kusiyana kutalitali m'mene amaugwiritsira. Wina ali nayo njira imodzi yokha yokumbukira chinthu kapena yothetsera vuto, ndipo maselo a njirayo akafa, iye wathedwa. Mnzake, amene moyo wake wonse wakhala akuwerenga, kuwerengera, kukambirana ndi kuphunzira zatsopano, ali nazo njira zingapo, ndipo imodzi ikafa ubongo wake uitana maselo ena kuti agwire ntchitoyo. Chifukwa chake nkhokwe iyi siiperekedwa pa kubadwa pokha, koma imamangidwa ndi kudzazidwa masiku onse a moyo wa munthu. Ndipo m'menemo ndimo mwagona chiyembekezo cha chiphunzitso chawo, pakuti kukula kwa mutu palibe angakusankhe, koma sukulu, ntchito ndi chiyanjano ndi zinthu zimene mtundu wa anthu ungapatse ana ake kapena kuwamana.

Koma chiphunzitso choona chimayesedwa ndi zowawa zimene chilosera, osati zokoma zokha. Ngati kuli koona kuti wophunzira amabisa nthenda nthawi yaitali, pamenepo tsiku limene adzaoneka kuti wadwala, ubongo wake udzakhala utatha kale kwakukulu, ndipo kugwa kwake kuyenera kukhala kofulumira kuposa kwa mnzake wosaphunzira. A Stern anayesa zimenezi, napeza kuti ndi momwemo ndithu. Mu 1995 anaonetsa kuti mwa odwala Alzheimer, ophunzira kwambiri ndi a ntchito zapamwamba ankamwalira msanga. Mu 1999 anaonetsa kuti mphamvu yawo yokumbukira, nthenda itaonekera, inkatsika mofulumira. Ine ndiona kuti pamenepa mpamene ntchito yawo iyenera ulemu waukulu, chifukwa munthu wofuna kungokondweretsa omvera akadaimira pa uthenga wokoma wakuti phunzirani ndipo simudzadwala, koma iwo ananena zonse, zotsekemera ndi zowawa zomwe. Nkhokwe siigwetsa mvula. Ingotalikitsa masiku a kudya, ndipo ikatha njala ilowa m'nyumba mosagogoda. Komatu tisapeputse masiku amenewo. Munthu amene akadayamba kuiwala ali ndi zaka 75, koma nafika 80 akali kudziwa ana ake, kusunga ndalama zake ndi kupembedza pamodzi ndi mpingo wake, walandira mphatso yaikulu, iye ndi a m'nyumba mwake. Ndipo ambiri amatengedwa ndi nthenda zina nkhokwe isanathe, nagona ndi makolo awo ali ndi nzeru zawo zonse, osadziwa konse chimene chinali kumera m'mitu mwawo. Palinso chenjezo kwa madokotala. Mphunzitsi wopuma pantchito kapena mbusa wokalamba akadandaula kuti nzeru zake sizili monga kale, asabwezedwe kunyumba chifukwa chakuti wakhoza mayeso, pakuti mayeso opangidwira anthu onse sagwira msanga munthu amene anasunga zambiri, ndipo pamene adzamgwira nthawi idzakhala itapita.

Mboni zina zinabwera kuchokera kumene a Stern sanafeseko. David Snowdon anayamba mu 1986 kafukufuku wa masisitere a chipani cha School Sisters of Notre Dame ku America, ndipo masisitere 678, onse a zaka 75 kapena kuposerapo, anavomera kuyesedwa chaka ndi chaka ndi kupereka ubongo wawo akadzamwalira, kumene kuli kudzipereka koyenera kukumbukiridwa. Mmodzi wa iwo, wodziwika m'mabuku ndi dzina lakuti Sister Mary, amene anali mphunzitsi zaka zambiri, anamwalira ali ndi zaka 101 nzeru zake zili zolongosoka, koma ubongo wake unapezeka wodzala ndi timibulu ndi timaulusi tija. Ndipo mu 2010 Carol Brayne wa ku Cambridge ndi anzake, atasonkhanitsa zimene zinapezeka mu ubongo wa anthu 872 a ku Britain ndi Finland, anaona chomwecho, kuti sukulu sinatchinjirize ubongo kuti usaonongeke, koma mwa ophunzira anali ochepa amene anaonetsa nthenda akali moyo.

Funso lotsatira linali lakuti, kodi amene anamanidwa sukulu paubwana watsekeredwa khomo kosatha? Mu 2001 Nikolaos Scarmeas, wogwira ntchito ndi a Stern, anafalitsa za okalamba 1,772 a kumpoto kwa Manhattan amene anafunsidwa zochita zawo pa nthawi yopuma, monga kuwerenga, kuchezera abale ndi abwenzi, kuwongola miyendo, kupita kutchalitchi ndi kutumikira ena mwaulere. Amene ankachita zambiri mwa izi, ngozi yawo ya kudwala inali yocheperapo ndi magawo 38 pa 100, ngakhale atawerengera za sukulu ndi ntchito yawo. Pano mpofunika kuponda mosamala, pakuti nthendayi imayamba mobisika zaka zambiri isanadziwike, ndipo nkutheka kuti ena analeka kucheza chifukwa inali itawayamba kale, osati kuti anadwala chifukwa choleka kucheza. Ofufuzawo anadziwa msampha umenewu, ndipo ngakhale atawerengera m'mene nzeru ndi thanzi la aliyense zinalili poyamba, kusiyanako kunakhalapobe.

Mbali ina ya mbiriyi, imene ine ndiiwerengera kwambiri, ndi ya mayi Jennifer Manly, katswiri wa ntchito yomweyi pa Columbia. Iwo anaona kuti kuwerenga zaka za sukulu kumanyenga, pakuti chaka cha pasukulu ina sichifanana ndi cha pa inzake. Anthu akuda ambiri amene anakulira kummwera kwa America m'masiku a tsankho anaphunzira m'sukulu zopatulidwa, za aphunzitsi ochepa ndi mabuku akutha, zimene zinkatsegula masiku ochepa pachaka chifukwa ana ankafunika m'minda ya thonje. Motero munthu wonena kuti anakhala zaka 8 pasukulu yotere sanalandire zimene mwana wa mzungu analandira m'zaka 8 zomwezo. Mu 2002 mayi Manly anaonetsa kuti poyerekeza okalamba monga mwa luso lawo la kuwerenga, m'malo mwa zaka za sukulu, kusiyana kwa akuda ndi azungu pamayeso kunachepa kwambiri. Ndipo chimene ena akadachiyesa chilema cha mtundu chinapezeka kuti ndi chipsera cha chisalungamo. Mu 2019 Miguel Arce Rentería, pamodzi ndi mayi Manly ndi anzawo, anayang'ana okalamba 983 amene anakhala pasukulu zaka 4 kapena kucheperapo, ambiri a iwo obadwira kumidzi ya ku Dominican Republic. Ndipo amene sankadziwa kuwerenga ndi kulemba anali pangozi yowirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo a sukulu yochepa yomweyo amene ankadziwa. M'mera mpoyamba: zilembo zimene mwana aphunzira ali ndi zaka 7 zidzamtumikira ali ndi zaka 70.

Si onse anavomereza zonse zimene a Stern anaphunzitsa. Robert Wilson wa ku Rush University mumzinda wa Chicago, atatsata okalamba pafupifupi 2,900, analemba mu 2019 kuti sukulu imamkweza munthu poyambira, koma siichepetsa liwiro la kutsika kwake. Ena anadandaula kuti chinthu chosaoneka pa makina, chongoyesedwa ndi zaka za sukulu kapena mtundu wa ntchito, n'chovuta kuchitsimikiza. Pakuti wophunzira kawirikawiri ndiyenso wa chuma, wodya bwino, wofika msanga kuchipatala, ndipo nkovuta kulekanitsa mphamvu ya buku ndi mphamvu ya ndalama. Madandaulo amenewa ngoona, ndipo a Stern sanawazembe. Anatha zaka zambiri akujambula ubongo wa achinyamata ndi okalamba pa makina a MRI pamene eni ake ali kugwira ntchito za kuganiza, pofunafuna kuona ndi maso njira zija zimene ubongo wina uli nazo, wina ulibe. Ndipo podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, kuyambira 2019 anatsogolera misonkhano ya akatswiri ambiri, mothandizidwa ndi National Institute on Aging, kuti agwirizane pa chimene akuyesa ndi m'mene angachiyesere. Chimvano chawo chinasindikizidwa mu 2023, ndipo m'menemo anasiyanitsa ubongo umene ukana kuonongeka ndi ubongo umene waonongeka koma ukugwirabe ntchito yake.

A Stern anayesanso ngati munthu wamkulu angathe kudziwonjezera mphamvu mwadala. M'kafukufuku amene anafalitsa mu 2019, anthu 132 a zaka 20 mpaka 67 anagawidwa pawiri, ena kuchita masewera othamangitsa mtima kwa miyezi 6, ena kungowongola thupi. Ndipo a gulu loyamba anapita patsogolo pa luso lokonza ndi kusintha zochita, makamaka okulirapo msinkhu. Koma umboni wolemera koposa wachokera kwa mitundu yathunthu ya anthu. Mumzinda wa Framingham ku America, kumene anthu akhala akutsatidwa kuyambira 1948, kunapezeka mu 2016 kuti ngozi ya kudwala matenda a kuiwala inatsika ndi magawo 44 pa 100 m'zaka pafupifupi 30, ndi kuti kutsikako kunaoneka mwa okhawo amene anamaliza sekondale. Izi zinachitika popanda mankhwala olimbana ndi kuiwalako, pakuti kufikira lero kulibe mankhwala ochiza nthenda ya Alzheimer. Amene avomerezedwa posachedwapa, monga lecanemab mu 2023, amangoichedwetsa pang'ono, ndipo mtengo wake ngwosafikirika kwa anthu wamba. Akatswiri a bungwe lokhazikitsidwa ndi magazini ya Lancet anawerengera mu 2024 kuti pafupifupi magawo 45 pa 100 a matenda a kuiwala akhoza kupewedwa kapena kuchedwetsedwa pochotsa zinthu 14, ndipo mwa izo muli sukulu yochepa paubwana, kugontha ndi kusaona kosathandizidwa, kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu ndi kukhala wekhawekha.

Bungwe la World Health Organization linena kuti padziko lapansi pali anthu oposa 55 miliyoni odwala matenda a kuiwala, ndi kuti oposa 60 pa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakati. Tsono nkhani iyi si ya ku New York kokha. Makolo athu amene ali ndi zaka 70 lero anakula sukulu ya pulayimale ili yolipira, pakuti ku Malawi inakhala yaulere mu 1994, ndipo amayi ndiwo anamanidwa koposa. Sindikunena kuti wosaphunzira alibe chosunga, iai ndithu. Pakuti amene asenza m'mutu mibadwo ya mbumba yake, malire a minda, miyambi ndi nthano, amene aweruza milandu pabwalo kapena kuchita malonda osalemba kanthu, waugwiritsa ubongo wake ntchito yaikulu, ndipo mayeso opangidwa ku America sadziwa kuyesa chuma chimenecho. Pafunika ana athu ophunzira za ubongo atipangire mayeso m'zilankhulo zathu, monga mwa moyo wathu, kuti wodwala asatchedwe wangwiro, ndi wangwiro asatchedwe wodwala.

Koma chimene chindiwawa mtima koposa ndi ichi, chakuti pakati pathu gogo wodwala nthendayi, akapezeka usiku pakhomo la eni, wosavala bwino, wolankhula zosamveka, wovomera mlandu uliwonse umene khamu limfunsa, ambiri samuona ngati wodwala, koma ngati mfiti yogwa paulendo. Ndipo ena amenyedwa, ena apirikitsidwa pamudzi, ena aphedwa kumene, pamene lamulo la dziko la 1911 liletsa kumnenera munthu ufiti. Timanena ndi pakamwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma tsiku la kufooka kwawo ndife tomwe tiwayatsira moto. Chimene Alzheimer anaona mu 1906, ndi chimene a Stern ndi anzawo akhala akuyesa kufikira lero, ndi nthenda ya ubongo, yokhala ndi chiyambi chake ndi mayendedwe ake, yogwira profesa ndi mlimi, sisitere ndi wachikunja, ndipo mulibe matsenga m'menemo.

Chifukwa chake inu amene muli ndi kholo limene layamba kubwereza funso limodzi kasanu, kuiwala mphika pamoto, kapena kunamizira ana kuti amubera ndalama zimene wabisa yekha, musamtonze, musamtsekere m'nyumba, ndipo musalole munthu aliyense kumutcha mfiti. Pitani naye kuchipatala, pakuti kuiwala kwina kumachokera ku matenda ochizika, monga kusowa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro kapena kuvutika maganizo. Mumuyezetse kuthamanga kwa magazi, shuga, makutu ndi maso. Mumsiye apite kutchalitchi, kumsika ndi kumaliro pamodzi ndi anzake, wina ali naye pafupi. Ndipo mwana wamkazi uja amene mukulingalira zomsiyitsa sukulu chaka chino, mlekeni apitirize.